Njinga ya mpikisano inandiyendetsa wapansi pa Liwonde

Linali Lachiwiri m'mwezi wa October, 6 koloko itangodutsa, pamene tayala lakumbuyo linangoti fyuu! Ndinali nditawoloka mlatho wa pa Shire, koma ndisanafike n'komwe pa Mangochi Turn-off. Njinga yomwe ndinagula masabata atatu okha m'mbuyomo, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, ndinayamba kuikankha. Anyamata a kabaza ankangondidutsa atanyamula makasitomala awo, ena akuliza belu mondiseka.

Ndimakhala ku Liwonde, mbali ya Machinga, koma ndimaphunzitsa pa sukulu ina m'boma la Balaka, cha kunjira ya ku Ulongwe. Ndi ulendo wa makilomita 14, ndipo awiri omalizira ndi msewu wafumbi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta anakwera, ndipo ya thiransipoti inayamba kudya ndalama yomwe ndikanagulira ufa. Ndinalowa chipereganyu ndi aphunzitsi anzanga. Itakwana nthawi yanga yolandira ndinati basi, njinga.

Kulakwa kwanga n'koti ndinasankha ndi maso. Ndinali nditaonera timavidiyo ta Tour de France pa foni, ndiye nditaona ya kaunjika yofanana ndi zimenezo ikutsatsidwa pa Facebook, mtima unangoti ndi yomweyi. Kunena zoona inali yokongola: felemu ya aluminiyamu, magiya 16 a Shimano, yopepuka moti n'kuinyamula ndi dzanja limodzi. Pa tara inkauluka. Ndinkafika kuntchito m'mphindi 35, malaya asananyowe kwenikweni.

M'mawa umenewo, madala okonza njinga pansi pa mtengo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, kumata ndimata, koma ndipopa ndi chiyani?"

Pampu yawo sinkagwira. Njinga zambiri za mpikisano zimakhala ndi valavu yowonda yotchedwa Presta, pomwe mapampu a m'mphepete mwa msewu anazolowera valavu ya njinga za kabaza kapena yonga ya galimoto. Titatulutsa chubu tinapezanso kuti chang'ambika pafupi ndi valavu, posamatika. Ndinawauza kuti angoika china.

"Cha 28 ndili nacho, koma umu sichilowa ata."

Apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chimene wogulitsa uja sanandiuze. Pali matayala awiri omwe onse anthu amawatchula kuti 28. La njinga zachikale za mtundu wa Hero kapena Humber limavala limu ya mamilimita 635. La njinga za mpikisano, lolembedwa 700C, limavala limu ya 622. Kusiyana kwake n'kochepa, koma tayala la ina silikwana pa inzake, ndipo chubu chonenepa cha kabaza sichingalowe m'katayala ka mamilimita 25 ngati kanga kaja. Manambalawa amalembedwa m'mbali mwa tayala. Awerengeni musanapereke ndalama, ndipo mufunse m'mashopu a kwanuko ngati alipo.

Tsikulo ndinafika pasukulu 9 koloko, ana atakhala okha mapiriyodi awiri. Ahedi sanayankhule zambiri, anangondipatsa buku losainira. Chubu choyenera anandibweretsera mnzanga kuchokera ku Limbe patatha masiku asanu, masiku onsewo ndikulipiranso thiransipoti yomwe ndinkaithawa ija.

Sindikunena kuti njinga ya mpikisano ndi yachabe. Kwa munthu amene ulendo wake wonse ndi wa pa tara, mwachitsanzo makilomita pafupifupi 30 a pakati pa Liwonde ndi tauni ya Balaka, kupepuka kwake kumathandizadi. Koma ayang'ane mpata wa pakati pa tayala ndi felemu: kodi pangalowe tayala la mamilimita 32 kapena kuposerapo? Katayala kowonda kamafuna mpweya wambiri, kamamira mumchenga, ndipo ukagunda m'mphepete mwa tara modyeka, limu imatsina chubu. Ndipo m'mphepetemo mudzatsikamo ndithu, chifukwa thiraki ikaliza huta kumbuyo simukambirana nayo. Minga ya kuchigwa kuno nayo sichita manyazi.

Za magiya ndinapusitsidwa nazo kwambiri. Kuchokera ku Liwonde kulowera ku Ulongwe malo ake ndi athyathyathya, moti mwa magiya 16 aja ndinkagwiritsa ntchito atatu. Amene amakwera zitunda za kunjira ya ku Machinga Boma ndi Zomba ndiye akufunika magiya opepuka. Enafe tikungolipirira zinthu zoti zidzathyoke, makamaka pa njinga zomwe chosinthira magiya chinalumikizidwa ndi chogwirira buleki. Chimenecho chikafa, madala a pansi pa mtengo alibe nacho chochita.

China chimene sindinachiganizire ndi kaliyala. Yanga ija inalibe ngakhale timabowo tomangirapo, ndiye makope 60 a ana ndinkawabereka m'chikwama kumsana, dzuwa la October likuswa mtengo. Inalibenso madigadi. Mvula yoyamba itagwa ndinalowa m'kalasi ndi mzere wa matope kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi, ana n'kumaseka chamumtima.

Ena anandilangiza Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief ija. Ndi chitsulo chenicheni, kaliyala yake inapangidwira katundu wa makilogalamu 100. Ndinaiyesa ya mnzanga. Kwa wonyamula matumba a chimanga kapena zigubu palibenso ina, koma payokha imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo ine katundu wanga ndi makope ndi kontena ya nsima. Ndinaona kuti yandikulira ntchito.

Ndinagulitsa ya nyanga ija kwa mnyamata wina wokonda kuthamanga Loweruka, moluza pang'ono, n'kugula ya kaunjika ya felemu yachitsulo, mahandulo owongoka, matayala a 26 omwe machubu ake ali m'shopu iliyonse ya zipangizo za njinga. Ulendo uno ndinapita ndi madala aja, nditawalipirira tsiku lawo. Anazunguza mawilo kuti aone ngati akuyenda mokhota, anafinya masipoko awiriawiri, anayang'ana ming'alu molumikizira felemu, anakoka tcheni kutsogolo kwa giya yaikulu n'kunena kuti chatha, wogulitsa atsitse mtengo. Kenako anandiimika chitsulo chapakati chili pakati pa miyendo, kuti aone ngati patsala mpata, n'kukweza chishalo mpaka mwendo unawongoka chidendene chili pa pedulo. Bondo lomwe linkandiwawa linasiya sabata yomweyo.

Matayala a zigoba aja tinawachotsa n'kuika osalala pakati, oyenda bwino pa tara. Ndalama yotsala ndinagulira pampu, mapatchi, loko, ndi nyali ziwiri zotchaja, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, chifukwa mu June mdima umandipeza ndisanawoloke Shire.

Panopa ulendo umanditengera mphindi 50. Sabata yatha munga unandibayanso, pafupi ndi malo omwe aja. Madala anamata ndikuyankha mauthenga a pa WhatsApp, ndipo pondipatsa njinga anafunsa, "Nanga nkhosa ija, aphunzitsi, mwini wake watsopanoyo akupopera kuti?"