Fodya Wopanda Utsi Naye Amawononga M'kamwa

Tikamadzudzula fodya maso athu amathamangira kwa anyamata osuta ndudu. Koma ulipo fodya wina amene timamulekerera m'makomo mwathu chifukwa satulutsa utsi: uja wopera, amene amayi ndi agogo athu ambiri amaika pakati pa mlomo ndi nkhama, naye asodzi ena amautsinira m'tsaya kuti awapirikitsire tulo usiku panyanja.

Kusowa kwa utsi sikuchotsa ululu wake. Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inatsimikiza kuti fodya wotere amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kum'mero ndi ya kapamba, ndipo mwa iye munapezeka mankhwala osachepera 28 oyambitsa matendawa. Ena amamusakaniza ndi chidulo kapena phulusa kuti akhale waukali. Ukali umene amaukondawo ndi chikonga chimene chikulowa msanga m'magazi, ndipo n'chifukwa chake kumuleka kumavuta kwambiri.

Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: wosuta amauzira utsi kunja, koma woika m'kamwa amasunga fodya pamalo amodzimodzi kwa nthawi yaitali, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka. Pamalo pomwepo ndi pamene pamayambira vuto. Nkhama zimafota n'kubwerera m'mbuyo, mizu ya mano n'kukhala pamtunda. Mano amayamba kuchita dzanzi ndi madzi ozizira, amada, kenako amagwedezeka. Nkhama zofota sizimeranso zokha. Khungu la m'kamwa nalo limachita makwinya, ndipo pamabwera banga loyera limene silichoka ngakhale mutalipukuta. Si banga lililonse limene limasanduka khansa, koma ena amatero, ndipo poyamba sapweteka konse. Munthu amadya nsima yake bwinobwino pamene matenda akuzika mizu.

Tamvapo ena akunena kuti fodya amachiza dzino lobooka. Amangophimba ululu kwa kanthawi, bowo lija likukulirakulira. Enanso amati mswachi umene timatsukira m'kamwa tisanaswali umachotsa zonse. Mswachi ndi wabwino ndithu, koma umayeretsa mano okha. Sungabweze zimene zalowa kale m'mnofu.

Choncho aliyense woika fodya m'kamwa atenge galasi poyera, akweze mlomo, ayang'ane m'masaya, pansi pa lilime ndi m'mbali mwake. Akaona banga loyera kapena lofiira, chotupa, kapena chilonda chimene chatha masabata 2 osapola, apite kuchipatala cha boma chimene ali nacho pafupi akaonane ndi a mano, osadikira kuti chiyambe kuwawa. Khansa ya m'kamwa ikapezeka msanga mwayi wochira umakhala waukulu. Ndipo ife ana, popeza akuluakulu ambiri sadandaula, tiwafunse mwaulemu makolo athu ngati muli chachilendo m'kamwa mwawo, tiwaperekeze.