Mtondo Wobwereka: Chifukwa Chimene Pulogalamu Imakanira Kutseguka

Kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, si nyumba iliyonse imene ili ndi mtondo wake. Mayi wofuna kukonola amabwereka kwa mnzake, ndipo mtondo umodzi umathandiza mabanja angapo. Koma tsiku limene mtondowo wasowa, chimanga chimagona m'dengu ngakhale chili chabwinobwino.

Mapulogalamu a kompyuta nawo amakhalira kubwereka. Malangizo a ntchito zimene mapulogalamu ambiri amazifuna amasungidwa m'mafayilo apadera, amene maina ake amathera ndi .dll mu Windows ndi .so mu Linux. Pulogalamu imawatenga pa nthawi imene ikutseguka. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, pakuti idagwira kale ntchito pa makina a Multics ku America m'zaka za m'ma 1960.

Tsono mnyamata amene wamaliza Fomu 4, napeza kompyuta yakale yoti azitayipira anthu makalata pamsika, angathe kukopera pulogalamu kwa mnzake pa fulashi. Pofika nayo kwawo, iyo ikukana, ndipo pagalasi palembedwa kuti MSVCR100.dll yasowa. Ambiri zikatere amathamangira ku Ntaja kapena ku Liwonde kuti akafufute zonse ndi kuika Windows mwatsopano. Ndalama yaulendo imapita, ndipo nthawi zina makalata a eniake amapita nayo limodzi. Chonsecho pulogalamuyo sidaonongeke. Changosowa ndi mtondo basi.

Choyamba ndi kuwerenga dzina la fayilo yosowayo ndi kulilemba papepala, popeza dzinalo limaulula kwawo. MSVCR100.dll imabwera ndi phukusi la Microsoft lotchedwa Visual C++ Redistributable la 2010, pamene VCRUNTIME140.dll ndi ya phukusi la 2015 ndi otsatira ake. Kuika phukusi loyenera, lochokera kwa Microsoft eniake, kumathetsa vutoli kawirikawiri. Pa Linux, lamulo la ldd limaonetsa mafayilo onse amene pulogalamu ikufuna ndi amene sanapezeke.

Chachiwiri ndi msinkhu. Pulogalamu ya 32-bit siingabwereke fayilo ya 64-bit, monga momwe munsi waukulu sungagwire ntchito m'kamtondo kosinjira tsabola. Zikasokonezeka chotero, kawirikawiri pamaoneka nambala yakuti 0xc000007b. Pano pali msampha: mu Windows ya 64-bit, mafayilo a 64-bit amakhala m'foda ya System32, ndipo a 32-bit m'foda ya SysWOW64. Wongodalira maina amaika fayilo pamalo olakwika.

Chachitatu ndi kupewa kutola fayilo imodzi yokha ya .dll pa masamba osadziwika a intaneti. Fayilo yotere imapatsidwa mphamvu zonse za pulogalamu imene yaibwereka, choncho ikakhala ndi vayirasi, mwini kompyuta wadziitanira yekha mbala m'nyumba.

Aphunzitsi angachite bwino kuzoloweretsa ophunzira kuwerenga uthenga wa pagalasi asanautseke. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komatu apa kompyuta imanena yokha chimene chasowa.