Nkhwani ndi Usipa pa Tebulo la Anthu a ku Korea

Amayi anzanga, ambiri a ife masiku ano tili ndi ana kapena abale ku Mangalande, ndipo ena mwa inu mudzaitanidwa kukaona zidzukulu. Mukafika kumeneko ana adzakutengani kukaona nyumba ya mfumu ndi mtsinje wa Thames, kenaka adzakugulirani nkhuku ndi tchipisi poganiza kuti akusangalatsani. Sabata ino ndifuna kukuuzani za malo ena amene mayi aliyense wokonda za kukhitchini ayenera kupempha kuti amuperekezeko. Malowo ndi New Malden, dera lokhala anthu kumwera chakumadzulo kwa London, mtunda wa mamailosi pafupifupi 10 kuchokera pakati pa mzinda. Sitima yochokera pa siteshoni ya Waterloo sitha theka la ola.

Ku New Malden ndiko kuli anthu a ku Korea ochuluka koposa m'dziko lonse la Britain. Adayamba kukhazikikako m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo kampani ya Samsung idali ndi maofesi ake a ku Britain kumeneko mpaka chaka cha 2005. Kuli ochokera ku South Korea, kulinso mazana a anthu othawa ku North Korea. Mu Novembala 2023 Mfumu Charles idapita kukawachezera. Mukayenda mu High Street ndi Burlington Road muona sitolo, mabutchala ndi nyumba zodyeramo zokhala ndi zikwangwani za malembo achilendo.

Kanyumba kakang'ono, moto waukulu

Musafune nyumba ya magalasi onyezimira. Funani kanyumba kakang'ono ka matebulo owerengeka, kamene mukasuzumira muona agogo a Chikoreya akudya mwakachetechete, ndipo kukhitchini kukumveka mawu a mayi akulamula. Kumene eni chakudya adyako okha, ndiko kuli chakudya chenicheni. Ine ndidadya m'kanyumba kotere pamodzi ndi amayi atatu akwathu okhala kumeneko, ndipo zimene ndilemba pano ndi zimene mudzazipeza inunso.

Mukangokhala pansi, mudzapeza supuni yaitali ndi timitengo tiwiri tachitsulo todyera. Nyumba zambiri zimabweretsa tiyi wa balere wokazinga, wopanda shuga ndi mkaka, wotchedwa boricha. Mayi wopereka chakudya, eni ake amamuitana kuti imo, ndiye kuti mbale wa amayi ako, amene ife timati amayi aang'ono kapena amayi aakulu. Taonani ulemu umenewo: munthu wogulitsa chakudya aitanidwa ndi dzina la chibale, ndipo iyenso amakusamalani monga mwana wa mchemwali wake.

Chakudya chimene mwaitanitsa chisanafike, patebulo pamadzaza timbale ting'onoting'ono, tinayi, tisanu, mwina kuposa. Timbale timeneti ndi banchan, ndiwo zapambali zimene onse a patebulo amapisamo limodzi. Ku Korea mbale ikatha amawonjezera popanda malipiro, ndipo nyumba zina za ku New Malden zimasunga mwambowu, ngakhale zina zimalipiritsa. Choncho funsani poyamba, kufunsa ndi kudziwa njira.

Ndiwo zathu zomwe

Tsono apa ndi pamene mudzagwira pakamwa. M'kambale kamodzi muli tinsomba touma tokazinga ndi shuga pang'ono ndi chitowe, myeolchi dzina lake, tosasiyana ndi usipa wa ku Nkhotakota kapena bonya. M'kambale kena muli masamba ofutsa pang'ono, ofinyidwa ndi manja, othiridwa adyo, mchere ndi mafuta a chitowe. Masamba ophikidwa motero amawatcha namul, ndipo mtundu wake umasintha ndi nyengo. Anthu a ku Korea amadya bonongwe. Amadya mapesi anthete a kholowa atawasenda. Amadya nkhwani, ndipo amausadzula monga tichitira ife, naufutsa ndi nthunzi, nkumakulungiramo mpunga. Ali nawonso mfutso wawo wotchedwa siraegi, masamba a radishi oyanikidwa pamthunzi, amene amawaviika ndi kuwaphika mu supu nyengo yozizira.

Kufanana kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Dziko la Korea lidagawidwa pawiri mu 1945, ndipo nkhondo ya 1950 mpaka 1953 idasiya mizinda ili phulusa. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 anthu a kumidzi ankadziwa nyengo ya njala chaka ndi chaka, pamene mpunga watha m'nkhokwe koma balere asanache. Nyengoyo adaipatsa dzina lotanthauza chitunda cha balere, pakuti kuidutsa kudali ngati kukwera phiri. Ife amene tidziwa Januwale ndi Febuluwale sitifunika kutimasulira. Amayi a kumeneko adaphunzira kusataya tsamba lililonse lodyedwa. Lero dziko lawo lidalemera, limapanga magalimoto, mafoni ndi sitima zapamadzi, koma ndiwo za nthawi ya njala zija sadazichotse patebulo.

Kimchi, mfumu ya ndiwo

Kambale kofiira kosasowa patebulo ndi kimchi. Ameneyu ndi kabichi wa mtundu wa tchainizi wosasitsidwa. Kapangidwe kake nkotere. Mutu wa kabichi amaung'amba pakati kapena panayi, nathira mchere pakati pa masamba, nkuusiya maola angapo kufikira tsinde la tsamba lipindika osathyoka. Akatero amatsuka katatu ndi kukhetsa madzi. Pambali amaphika kaphala ka ufa wa mpunga, ndipo kakazizira amasakanizamo tsabola wofiira wopera, adyo, jinja, anyezi wa masamba, radishi wodula motalika ndi madzi a nsomba zosungidwa mumchere. Zosakanizazo amapaka tsamba ndi tsamba, nalonga mu mtsuko mothinana kuti mpweya usatsale. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri kabichi uja amayamba kusasa, ndipo amamuika pamalo ozizira kuti asase pang'onopang'ono.

Chimene chimasunga kimchi kuti asawole ndi mchere pamodzi ndi kuwawasa. Tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, ta mtundu womwewo umene umasandutsa mkaka kukhala chambiko, timadya shuga wa m'masamba ndi kutulutsa asidi amene tizilombo towoletsa sitimupirira. Nchifukwa chake kimchi amakhala miyezi. Kale ankakwirira mitsuko yadothi pansi nyengo ya chisanu, lero ali ndi mafiriji opangidwira kimchi yekha. Tsabola adafika ku Korea zaka zoposa 400 zapitazo. Izi zisanachitike kimchi adali woyera, ndipo woyerayo alipo mpaka lero kwa amene sapirira kuwawa.

Kumapeto kwa Novembala mabanja amapanga kimchi wokwanira nyengo yonse yozizira. Ntchitoyi, yotchedwa kimjang, sagwira munthu mmodzi, pakuti kale banja limodzi linkasasitsa mitu ya kabichi 100 kapena kuposa. Amayi a mudzi ankasonkhana lero pakhomo pa uyu, mawa pa uyo, monga dima ya kwathu. Mutu umodzi susenza denga. Mu 2013 bungwe la UNESCO lidalemba mwambowu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi, ndipo ku South Korea tsiku la 22 Novembala ndi tsiku la kimchi.

Mphika wotentha

Pa chakudya chachikulu, mlendo woyamba aitanitse dolsot bibimbap. Umenewu ndi mpunga wobwera mu mbale yamwala yotentha kwambiri, pamwamba atayalapo masamba a mitundumitundu, bowa, mphukira za soya, nyama pang'ono ndi dzira. Mumathirapo gochujang, phala lofiira la tsabola, nkusakaniza zonse ndi supuni. Mbaleyo musaikhudze, imawotcha. Mpunga wa pansi umapsa ndi kuuma nkusanduka nkhoko, ndipo nkhoko zimene ife timasiyira ana kukhitchini, iwo amaziyesa zokoma koposa. Dzina lake ndi nurungji. Ena amathirapo madzi otentha nkumwa pomaliza.

Wofuna kudziwa fungo la nyumba ya Chikoreya aitanitse doenjang jjigae, supu yobwera ikuwira mu kamphika kadothi. Mtima wake ndi soya. Amamuphika mpaka afewe, namusinja mu mtondo, naumba zidina zimene amazimangirira ndi mapesi a mpunga kuti ziume. Kenaka amaziviika m'madzi a mchere mu mtsuko kwa mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Madzi akuda otsalawo ndiwo msuzi wa soya, ndipo phala lake limasungidwa miyezi ina yambiri kufikira likhwime. Luso limeneli nalonso UNESCO idalilemba mu 2024. Fungo lake ndi lamphamvu, ndipo mwina poyamba mudzabweza mphuno, koma lawani kawiri musanaweruze. Ife timalima soya wambiri ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Kasungu, koma ambiri timangomudziwa pa phala la ana ndi pa sikelo ya ogula.

Ngati muli anayi kapena asanu, yesani nyama yowotcha patebulo pomwepo. Bulgogi ndi nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, yoviikidwa mu msuzi wa soya, adyo ndi shuga. Samgyeopsal ndi nyama ya nkhumba ya pamimba, choncho alongo athu osadya nkhumba afunse bwino asanaitanitse. Nyamayo amaidula ndi sizasi, ndipo simuidya yokha. Mumatenga tsamba la letesi m'dzanja, nkuikapo kachidutswa ka nyama, mpunga pang'ono ndi phala la soya, nkukulunga, nkuponya mkamwa kamodzi. Mwa njira imeneyi nyama yochepa imakwanira anthu ambiri, ndipo aliyense amatha masamba ochuluka osazindikira.

Supu ina imene amayi muyenera kuidziwa ndi miyeokguk, ya masamba omera m'nyanja ya mchere. Mayi akangobereka amamwa imeneyi masiku ambiri, ndipo mwanayo akakula amaimwa pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, pokumbukira zowawa za amake. Pomaliza mungapatsidwe sikhye, chakumwa chozizira chotsekemera cha mpunga ndi chimera cha balere. Mukamwa mudzati, uyu ndi mphwake wa thobwa.

Mwambo wa patebulo

Kwa eni kulibe mkuwe, choncho sungani izi. Wamkulu ndiye ayamba kunyamula supuni, ang'ono atsatire. Mpunga ndi supu mudye ndi supuni, ndiwo mutole ndi timitengo. Timitengo tikakukanikani pemphani foloko, palibe adzakusekani. Mbale ya mpunga isiyeni patebulo, musainyamule kufika nayo kukamwa. Musazike supuni kapena timitengo chilili mu mpunga, chifukwa amatero popereka chakudya kwa makolo amene adamwalira. Pothirira wamkulu chakumwa kapena polandira, gwirani ndi manja awiri, monga tidaphunzitsidwa ifenso. Musanadye nenani kuti jal meokgesseumnida, ndiye kuti ndidya bwino. Ngakhale lilime lipotoke, mwini nyumba adzamwetulira.

Chenjezo lilipo limodzi. Kimchi, supu ndi phala la soya zili ndi mchere wambiri. Amene a chipatala adakuletsani mchere kaamba ka kuthamanga kwa magazi, lawani pang'ono chabe, ndipo a zilonda za m'mimba achepetse zofiira.

Zotengera kwathu

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pali zitatu zimene tingatengeko. Choyamba, amayi amene muli ndi malesitilanti m'misika, taonani kuti chimene chimakoka munthu m'kanyumba kotere ndi timbale tija. Mtengo wake ndi wochepa, koma wodya amadziona ngati mlendo wolemekezeka. Pambali pa nsima ndi chambo bwanji osaika kambale ka nkhwani wotendera, ka chisoso, ka usipa wokazinga ndi ka kachumbali?

Chachiwiri, miyezi ya Juni ndi Julayi tchainizi ndi kabichi zimachuluka m'madimba mpaka kuwolera pamsika, pamene nyengo ili yozizira bwino. Kufutsa timakudziwa kale. Kusasitsa ndi mchere ndi njira ina yowonjezera. Yambani ndi mutu umodzi m'botolo loyera lagalasi, masamba amire m'madzi ake omwe, chivindikiro musamange kwambiri, ndipo likasasa liikeni pozizira. Mukaona nkhungu kapena fungo la chowola, tayani.

Chachitatu ndicho chachikulu. Anthu awa ali kutali ndi kwawo, koma ana awo obadwira ku London amadya bonongwe ndi tinsomba touma pamaso pa azungu popanda manyazi, ndipo azungu omwewo amakhala pamzere kudikira malo. Ife mlendo akafika timabisa mfutso ndi chigwada, nkuthamangitsa nkhuku, ndipo ana athu amaona. Mwana sangalemekeze chakudya chimene amake achita nacho manyazi. Mukapita kukaona zidzukulu, pitani nazo ku New Malden zikaone, ndipo pobwerako muziphikire nkhwani wotendera, muziuze dzina lake ndi kumene amamera.

Tsalani bwino, amayi, tikumanenso sabata yamawa.