Chifukwa Chake Ndimapempha Maseva Awiri

Mayi osunga chuma pa bungwe lina limene ndinkaligwirira ntchito anayang'ana pepala langa la mitengo, nkuloza mzere wachiwiri ndi cholembera. "Achimwene, mwati pulogalamu ndi imodzi. Nanga seva yachiwiriyi ndi yachani? Ndi yodikirira kuti inayo ife?" Sindinaone ngati akuvuta. Seva timagula ndi madola, malaisensi akenso ndi madola, ndipo munthu amene amasaina cheke ayenera kudziwa chimene akulipira. Funsoli ndalimva kambirimbiri, ndiye lero ndiliyankhe poyera.

Chimene timati portal ndi webusaiti ya m'kati mwa kampani. Wantchito amalowamo ndi dzina lake ndi pasiwedi, nkupezamo fomu yopemphera tchuthi, malamulo a ntchito, maminitsi a misonkhano, malipoti a nthambi yake, zonse zija kale zinkayenda ndi mesenjala m'mafayilo akhaki. Ine ndikamba za SharePoint ya Microsoft, imene inatuluka koyamba mu 2001, popeza ndiyo yazolowerana ndi manja anga. Amene amagwiritsa ntchito Liferay pamodzi ndi PostgreSQL kapena MySQL aona kuti zambiri n'zomwezo, kusiyana mayina.

Chimene chimadabwitsa anthu, ngakhale ena a IT amene, n'chakuti fayilo imene mwaika pa portal sikhala pa seva ya SharePoint. Imangodutsapo. Kwawo ndi mu SQL Server, m'kati mwa database. Lipoti lanu, makope ake akale, dzina la amene analisintha Lachiwiri lapitali, mndandanda wa ololedwa kuliwerenga, zonsezo zili kumeneko. SharePoint ili ngati mnyamata wa pakauntala m'sitolo ya hoselo: amakulandirani, amaona risiti, nkuthamangira kuseri kukakutengerani katundu. Katunduyo ali m'nkhokwe. Kauntala itapsa, kalipentala akhoma ina mawa lomwe. Nkhokwe ikapsa, sitolo yatha.

Ndinawauza mayi aja kuti seva yachiwiri ija si yodikirira maliro a inzake. Ndiyo nkhokweyo, ndipo pa ziwirizi ndi imene ndingaiteteze poyamba.

Mwina mufunsa kuti bwanji osaika zonse m'bokosi limodzi. N'zotheka ndithu, ndipo poyeserera timachita. Mpaka pa SharePoint 2013, munthu ankatha kudina kamodzi, pulogalamu nkudziikira yokha SQL Server Express pa makina omwewo. Ambiri anakopeka nayo njira imeneyi chifukwa pofika masana portal inkakhala itayaka, abwana akusangalala. Chikomekome cha mkuyu. Express yanthawiyo sinkalola database kupitirira 10 GB, ndipo ofesi imene imaskana makalata tsiku lililonse sichedwa kufika pamenepo. Microsoft inaichotsa njira imeneyi mu SharePoint 2016.

Vuto lalikulu la bokosi limodzi ndi memore. SQL Server anaipanga kuti izisunga m'memore chilichonse chimene yawerenga kuchokera pa disiki, kuti wina akachifunanso isabwererenso ku disikiko. Mukapanda kuiikira malire, imatenga pafupifupi yonse, ndipo sibweza msanga. Kumbali inayi, gawo la SharePoint limene limafufuza mawu m'zikalata nalonso ndi losusuka. Mukawaika pa mbale imodzi awiriwa, pofika 10 koloko m'mawa, aliyense atalowa, tsamba limangozungulira osatseguka. Anthu amayamba kudandaula za intaneti, chonsecho intaneti ilibe mlandu.

Palinso nkhani ya akuba. Mu Julayi 2025 zigawenga za pa intaneti zinapeza mpata mu SharePoint ya pa maseva a makampani, mpata umene akatswiri anautcha ToolShell, nkulowa m'mabungwe ambiri m'maiko osiyanasiyana. Ndisakunamizeni kuti kulekanitsa maseva ndi mankhwala a zonse. Seva ya SharePoint ili ndi kiyi wa nkhokwe, ndipo amene waigwira akhoza kufika pa zikalata. Koma zikakhala padera, seva imene yalowedwa mukhoza kuizimitsa, kuifufuta, kuimanganso, kusintha makiyi, zikalata zili phee kwina. Komanso database siyang'anizana ndi dziko lonse. Imalankhula ndi makina ochepa okha amene mwawalola. Ndipo tsiku limene antchito adzachuluke, mudzangowonjeza kauntala yachiwiri pa nkhokwe yomweyo.

Tsopano kaikidwe kake. Chimbale cha SharePoint chimakhala chomaliza kuchigwira. Ndimayamba ndi Active Directory, buku lija la mayina a anthu ndi makina a pa kampani, nkutsegulamo maakaunti amene si a munthu aliyense: ina yoyendetsera SQL Server, ina yoikira pulogalamu, ina yoyendetsera farm, lomwe ndi dzina limene SharePoint imatchula gulu la maseva ake. Apa sindinyengerera. Ndinapezapo portal imene inamangidwa pa akaunti ya mkulu wa IT mwiniwake. Mkuluyo atasiya ntchito, a HR anapempha kuti akaunti yake itsekedwe, monga mwa lamulo, ndipo portal inagona naye limodzi.

Kenako SQL Server. Akaunti yoikira ija imafuna maudindo awiri okha kumeneko, dbcreator ndi securityadmin: woyamba umailola kupanga ma database, wachiwiri kupereka zilolezo kwa maakaunti anzake. Anthu othamanga amangoipatsa sysadmin, ufumu wonse, kuti zisawavute. Ine sindilola. Kenako pali nambala ina yotchedwa MAXDOP, imene imanena kuti funso limodzi ligawidwe kwa mapurosesa angati. SharePoint imafuna ikhale 1. Ndimaikanso malire a memore, kusiyirako Windows yopumira.

Pali kanthu kena kamene ndimakakonda chifukwa kamakhudza chilankhulo chathu. Database iliyonse ili ndi lamulo la mmene imasanjira ndi kufananizira zilembo, ndipo la SharePoint limalembedwa Latin1_General_CI_AS_KS_WS. Likuoneka loopsa, koma likunena zinthu wamba. CI akutanthauza kuti chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'chimodzi, choncho LIPOTI ndi lipoti ndi dzina limodzi. AS akutanthauza kuti tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo timawerengedwa, choncho w ndi ŵ ndi zilembo ziwiri, ndipo Malawi ndi Malaŵi, kwa database, si dzina limodzi. SharePoint ikamadzipangira yokha ma database imaika lamuloli payokha. Ngozi imabwera pamene wosamala database wakupangirani iye pasadakhale ndi lamulo lina. Pulogalamu imakana, ndipo mumayambiranso.

Zonsezi zikatheka, pamatsala msewu wa pakati pa maseva awiriwa, ndipo m'pamene anthu ambiri amagonera ku ofesi. Tsiku lina Lachisanu madzulo ndinali ndi mnyamata wina amene anali atangomaliza maphunziro. Tinafika pamene pulogalamu imafunsa dzina la seva ya database. Tinalemba, nkudina. Inaganiza kanthawi, kenako nkutulutsa uthenga umene aliyense wa ntchito ino amaudziwa pamtima: "Cannot connect to database master". Mnyamata uja anafuna kuti tifufute zonse tiyambirenso.

"Dikirani aphwanga," ndinatero. "Tisanagwetse nyumba, tione kaye ngati chitseko n'chotsegula."

Makina akamalankhulana amagogoda pa zitseko za manambala, zimene timati ma port. Cha SQL Server, mwa chizolowezi, ndi 1433. Tinatsegula PowerShell, nkulemba Test-NetConnection ndi dzina la seva ndi nambala imeneyo. Yankho linabwera lachikasu: seva ikuyankha, koma chitseko ayi. Tinayang'ana firewall, nkupeza 1433 ndi yotsegula bwinobwino. Ndiye vuto n'chiyani? Titalowa mu SQL Server Configuration Manager tinaona kuti amene anaika SQL anaipatsa dzina lakelake, chimene timati named instance, ndipo yoteroyo sikhala pa 1433. Imadzisankhira nambala ina, nkumadalira kapulogalamu kena ka pa UDP 1434 kuti kazilondolera alendo. Ife tinkagogoda pa chitseko cha chipinda chopanda munthu. Tinaikhazika pa nambala imodzi yosasintha, nkutsegula nambala imeneyo pa firewall, ndipo database yoyamba, SharePoint_Config, inabadwa tikuona. Mnyamata uja anajambula sikirini ndi foni yake.

Usiku womwewo ndinamuonetsa kachida kakale ka mu Windows kotchedwa cliconfg. Kamakulolani kupatsa seva ya database dzina lachiphamaso, loti SharePoint izidziwa limenelo m'malo mwa dzina lenileni. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Phindu lake mumaliona patapita zaka, seva ya database itakalamba: mumasamutsira zonse ku yatsopano, nkusintha kumene dzina lija likuloza, SharePoint osadziwa nkomwe kuti nkhokwe yasamuka.

Kulekanitsa sikutanthauza kutalikitsa. Bwana wina anaganiza zoti portal ikhale ku Blantyre, database ku Lilongwe, kuti moto ukabuka kwina, kwina kupulumuke. Maganizo ake anali abwino, koma kuwala kuli ndi liwiro lake. M'chingwe cha fibre kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa millisecond imodzi, ndipo mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita 300 ndi kanthu pa msewu. Microsoft imafuna kuti uthenga wa pakati pa SharePoint ndi SQL Server usafike millisecond imodzi. Tsamba limodzi lokha limafunsa database mafunso ambirimbiri, ndipo funso lililonse likanayenda ulendo umenewo kupita ndi kubwera. Maseva awiriwa akhale m'chipinda chimodzi, pa switch imodzi. Chopita ku mzinda wina ndi kope la zikalata.

Kuno kwathu pali china chimene mabuku a kunja sachilabadira kwenikweni: magetsi. Akathima, jenereta nkuchedwa kulira, maseva onse amadzuka nthawi imodzi, ndipo SharePoint ikadzuka SQL Server isanakonzeke imasowa kolowera. Dongosolo lake ndi ili, ndipo ndimalimata pa chitseko cha kabati ya maseva: poyatsa, yambani ndi seva ya Active Directory, kenako ya database, SharePoint pomaliza, pozimitsa, tembenuzani. UPS, batire yosungira magetsi, ikhale yokwanira kuti database izime mwaulemu. Muonenso mawotchi. Njira imene Windows imatsimikizira maakaunti, Kerberos, imakana makina amene nthawi yawo yasiyana kupitirira mphindi 5, ndipo kabatire kakang'ono kotha mphamvu m'seva kangathe kutsekera kampani yonse kunja.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimene chimachitika miyezi ingapo portal itayamba, aliyense ataiwala kuti kuseri kuli seva. SQL Server imalemba chilichonse chimene yasintha m'fayilo ina yotchedwa transaction log. Database ikakhala pa dongosolo la Full recovery, fayilo imeneyi sileka kukula pokhapokha mukamaitengera backup yakeyake. Ambiri amatenga backup ya database yokha nkuganiza kuti amaliza. Ndinaitanidwapo Lolemba lina m'mawa pa ofesi imene palibe amene ankatha kusunga chikalata. Disiki inali itadzaza thothotho, log itakula kuposa zikalata zenizenizo kangapo. Wina anali atakonzeka kale kuifufuta fayiloyo kuti apeze malo. Ndinamugwira mkono. Kufufuta log ya database imene ikuyenda n'kung'amba masamba a m'buku la ngongole sitolo ili yotsegula.

Pa chifukwa chomwecho, musalole munthu kulowa m'ma database a SharePoint kukakonza zinthu pamanja, ngakhale akhale katswiri wa SQL wotani. Microsoft yomwe imakana kukuthandizani ikapeza kuti mwatero. Ndipo mawu achinsinsi a farm, amene pulogalamu imakufunsani poiika koyamba, alembedwe, aikidwe mu envelopu, atsekeredwe mu sefa ya kampani, osati m'mutu mwa munthu mmodzi.

Si bungwe lililonse loyenera kusenza katunduyu. Ofesi ya anthu makumi awiri yopanda munthu wa IT wokhazikika ndimailangiza kuti ilembetse SharePoint ya pa Microsoft 365, kumene maseva ndi mutu wa eni ake. Amene malamulo a ntchito yawo amafuna kuti zikalata zikhale m'nyumba, kapena intaneti yawo ndi yosadalirika, amenewo amange okha, koma adziwe kuti Microsoft inaika 14 Julayi 2026 kukhala tsiku lomaliza kusamalira SharePoint 2016 ndi 2019. Womanga watsopano ayang'ane SharePoint Subscription Edition.

Mayi a chuma aja anasaina. Patapita miyezi itatu ndinawaitana ku chipinda cha maseva, chifukwa ntchito sindiiyesa yatha ndisanaone backup ikudzuka. Ndinatenga kope la usiku wathawo, nkulibwezeretsa pa makina ena oyeserera amene sanaonepo zikalata za bungwelo, nkulumikiza database imeneyo ku SharePoint yopanda kanthu. Tinadikira mafani akuwomba, iwo atadzifunditsa chitenje chifukwa cha kuzizira. Tsamba litatseguka ndinawapatsa mbewa ya kompyuta. Analowa mu foda ya nthambi yawo, natsegula bajeti ya chaka chimenecho, nkupita pa mzere umene anausintha dzulo lake cha m'ma 4 koloko. Nambala yatsopano ija inalipo. Anatsegulanso kope la sabata yapitayo, nkupeza yakale ija ili pamalo pake.