Chiphe Chobisala M'mankhwala Otchedwa "Vitamini B17"

Pali amalonda ena amene amagulitsa mankhwala otchedwa laetrile kapena "vitamini B17", namanena kuti amachiza khansa. Mankhwalawa si vitamini konse ayi. Amachokera ku amygdalin, amene amapezeka m'kati mwa njere za zipatso monga maapurikoti ndi mapichesi.

Munthu akawameza, tizilombo tokhala m'matumbo timawaphwanya ndipo mumatuluka chiphe chotchedwa cyanide. Chiphechi chimaletsa ziwalo za m'thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene magazi amanyamula. Motero ubongo ndi mtima zimafooka ngakhale munthuyo akupuma. Kumwanso vitamini C wochuluka pamodzi ndi mankhwalawa kumawonjezera ngoziyi.

M'chaka cha 1982 madokotala a ku Mayo Clinic ndi zipatala zina za ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala khansa 178 amene anapatsidwa mankhwalawa. Palibe anachira, ndipo ena anaonetsa zizindikiro za chiphe cha cyanide. M'chaka cha 2016 bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linachenjeza kuti munthu wamkulu akadya njere zing'onozing'ono za apurikoti zopitirira zitatu nthawi imodzi akhoza kupyola mlingo wosavulaza. Kwa mwana wamng'ono, ngakhale njere imodzi ikhoza kukhala yochuluka.

Chiphe chomwechi chimatulukanso m'chinangwa chowawa chosaviika bwino. Pa nthawi ya chilala m'chaka cha 1981, anthu opitirira 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anapuwala miyendo atadya chinangwa chotere. N'chifukwa chake chinangwa chowawa chiyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku atatu kapena kupitirira mpaka chifewe, ndi kuyanikidwa bwino chisanasinjidwe ufa wa kondowole.

Zizindikiro za chiphechi ndi izi: kupweteka kwa mutu, chizungulire, kusanza, kupuma mofulumira, kusokonezeka maganizo, kugwa khunyu ndi kukomoka. Munthu wotere ayenera kuthamangira naye kuchipatala, ndipo achibale atenge botolo kapena zotsala za chimene wodwalayo wamwa kuti adokotala achione. Asamukakamize kusanza kapena kumwa mankhwala ena.

Wodwala khansa ayenera kupitiriza chithandizo cha kuchipatala ndi kuuza adokotala kapena anamwino za mankhwala ena aliwonse amene akumwa, ogula ngakhale a zitsamba. Kusiya chithandizo chifukwa cha mankhwala oterewa kumapatsa matendawo mpata wofalikira m'thupi.