Ukwati Waciwiri wa Mkazi Wamasiye

Inu omvera a ku Migodi, mkazi wamasiye akakwatiwanso sacimwa ai; maliro analira, ndipo akucimuna anamsudzula. Ukwati wotere sulira alangizi kapena phwando lalikuru, pakuti za m'nyumba azidziwa kale. Cobvuta ndi nyumba. Lamulo la Zambia la 1989, lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo, lipatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20. M'nyumbamo wamasiye aloledwa kukhala moyo wace wonse, koma akakwatiwanso ufuluwo utha, nyumba nitsalira ana. Cifukwa cace ankhoswe ayambe apangana kumene banja latsopanolo lidzakhala, ndiponso amene adzasunga anawo, asanagule mbuzi kapena kuitana oimba ng'oma.