Msonkhano wa Filosofi ndi Akuluakulu a kwa Malemia

Pa msonkhano wina wa aphunzitsi a filosofi tidatha masiku awiri pa funso limodzi: kodi maganizo osalembedwa nkukhala filosofi? Ena adatsamira Bambo Placide Tempels, amene mu 1945 adalemba kuti Abantu ali nayo filosofi yawo. Ena Paulin Hountondji, amene adati filosofi imafuna mlembi wodziwika, woti anzake amtsutse. Mkanganowo udandikomera, sindibisa.

Koma pobwerera kwa Malemia ndidakumbuka kuti mvula ikakana, akuluakulu osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi amafunsana: walakwa ndani, mfumu kodi kapena anthu? Kumeneko nkutsutsana ndithu, kofuna umboni. Bambo Matthew Schoffeleers adakhala nawo pansi nawamvetsera zaka zambiri. Ife kumsonkhano kuja sitidaitane ndi mmodzi yemwe.